Matepi a Masipoko m'Bokosi la Ayezi

Kambale kameneko ndinakapeza Loweruka lina masana, pamsika wina wa mu Nairobi komwe tinkakonda kukadya nyama yootcha. Amuna anga anali atatsalira kwa wootcha nyamayo akusankha nthiti, ine n'kumazungulira m'tinjira ta msikawo podikira. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Tinkakhala ku South C, ndipo ine ndinkagwira ntchito yophunzitsa anamwino m'bungwe lina la mpingo.

Pakona pena panali kashopu kodzaza mbale zakale za galamafoni mpaka kudenga. Ndinkangozivundukula mopanda cholinga. Kenaka ndinaona kambale kakang'ono, kaja ka nyimbo imodzi mbali iyi ina mbali inayo, pakati pake patalembedwa kuti Masipoko. Ndinakhala pa kireti ya soda yomwe inali pakhomo.

Masipoko inali bandi ya anyamata anayi a ku Bangwe, ndipo woimba ng'oma anali achimwene anga a Levi. Dzinalo linabwera chifukwa ankaphunzirira kuseri kwa shedi ya wokonza njinga. Nyimbo zawo sizinali rumba, sizinali rege, sizinalinso za magule akwathu. Zinali zazifupi ndi zothamanga, magitala awiri akulira mwaukali ngati akulimbirana njira, koma pamwamba pa phokosolo pakuyenda mawu atatu okoma, olukana monga anawaphunzirira m'kwaya ya kutchalitchi. Nyimbo inkakugwira ikangoyamba, ndipo usanakhute inali itatha kale. Zonse zinali za tinthu tating'ono: mtsikana wa pa golosale, nsapato zobwereka, mvula yogwa tsiku la dansi.

Palibe kampani yomwe inawatenga. Ankasonkherana okha, kujambula, n'kupatsira tepi dalaivala wa thiraki kuti akawadindire timbale ku Nairobi. Pawayilesi zinkamveka mwa apo ndi apo, ndipo anthu ambiri ankati n'zachizungu zovala Chichewa. Pofika pakati pa zaka za m'ma 90, atatu mwa anayiwo anali atatisiya, a Levi ali m'gulu lomwelo. Anatsala a Dankeni okha, amene ankatsogolera kuimba.

Mwini kashopu anandiikira kambaleko. Kanali kokandikakandika, kakuthetheka ngati chimanga pamoto, koma ng'oma zija ndinazizindikira nthawi yomweyo. Ndinali ndisanazimve chimwalirire eni ake.

Nditamufotokozera, anandilozera kwa mkulu wina, Mzee Wanjala, yemwe anali ndi situdiyo m'chipinda cham'mwamba chakufupi ndi River Road. Ndinapitako Lolemba lake pa nthawi ya nkhomaliro. Mkuluyo anandiuza kuti kambale kokandika sikangathandize kwenikweni, koma ngati matepi enieni aja akuluakulu ozungulira alipo, makina ake angathe kuwawerenga n'kusamutsira nyimbo zonse pa sidi imodzi. Vuto linali loti nyumbayo inali itagulitsidwa kuti aigawe timashopu ta zovala. Mwezi wotsatira ukatha iye ankapita kumudzi kwawo, ndipo makinawo sankadziwa kuti akathera kuti. Anandichenjezanso kuti tepi yakale imadana ndi dzuwa ndi fumbi.

Ndinapempha msanga tchuthi changa chapachaka, n'kukwera ndege ya ku Chileka.

A Dankeni ndinawapeza ku Bangwe komweko, akuwotcherera mageti ndi mabagalabazi. Anali atanenepa, tsitsi litayamba imvi. Matepi analipo, m'sutikesi yakale pamwamba pa wodiropu, koma atamva zoti ndiwatengere ku Kenya anapukusa mutu. Anati zinthuzo sizinachokepo m'manja mwawo, komanso anamva kuti makina a pabwalo la ndege amafufuta mawu pa tepi. Ndinayesa kuwatsimikizira kuti si zoona, koma sizinamveke. Tinakokanakokana mpaka akazi awo, mayi a Chisomo, analowererapo n'kuwafunsa ngati matepiwo akusungira anthu kapena chiswe.

Pamenepo a Dankeni anati, "Chabwino achemwali. Ngati akupita, ine ndikupita nawo. Koma tiyenda pansi."

Tikiti yanga yobwerera pandege inathera pomwepo. Nditaimbira foni amuna anga, anandifunsa ngati ndikudziwa kutalika kwa Tanzania. Ndinawayankha kuti ndikadziwira komweko.

Mayi a Chisomo anatibwereka bokosi lawo la ayezi, la buluu, lomwe ankagulitsira mafilizesi pasukulu. Tinalitsuka, kuliumitsa, n'kusanjamo matepi atakulungidwa m'zitenje, popanda ayezi. Potsanzikana, mayiwo anandilowetsera kakaseti wamba m'chikwama changa cham'manja, amuna awo asakuona. Anandinong'oneza kuti ndi zojambula za kushedi zija, zomwe abambo safuna kuti munthu amve.

Tinanyamuka pa Wenela m'mawa pa basi ya ku Mzuzu. Nkhondo yoyamba inali ya kondakitala, amene ankafuna bokosilo lipite padenga pamodzi ndi matumba ndi njinga. A Dankeni anakana, ine ndinakana, anthu kumbuyo kwathu n'kumadandaula kuti tikutseka khomo. Mapeto ake tinalilipirira mpando wakewake, n'kukhala pakati pathu ngati mwana. Pa Zalewa wapolisi anafunsa ngati muli nsomba. Pa Ntcheu mayi wina anapempha kuti timuikiremo mkaka wa mwana wake. Pa depoti ya ku Lilongwe tinaima nthawi yaitali kudikira kuti basi idzaze, dzuwa likuwomba mbali yathu, ndipo a Dankeni anavula jekete n'kufunditsa bokosi.

Mkangano wathu unayamba titadutsa Kasungu. Ndinangonena mocheza kuti sidiyo idzakoma chifukwa mudzalowa zonse: zotuluka pa timbale, za kuseri kwa timbaleto, zomwe anajambula kuwayilesi koma sizinaulutsidwe, ngakhalenso za kushedi. A Dankeni anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Anati mudzalowa zokhazo zomwe Masipoko anatulutsa okha ali moyo, zoyera, zomalizidwa. Zinazo n'zinyenyeswa, ndipo mmisiri saonetsa anthu zitsulo zomwe analakwitsa podula. Ndinati nanga tikuzinyamuliranji mtunda wonsewu. Anati tikuzinyamula chifukwa zili pa matepi omwewo, palibenso china. Kuchokera pamenepo mpaka m'nkhalango ya Chikangawa, komwe kuzizira kunkalowera pa windo losweka, sitinayankhulane.

Tinagona kwa msuweni wanga ku Mzuzu, m'mawa n'kukwera minibasi ya ku Karonga. M'menemo ndimo tinakumana ndi mayi Nyauhango, mzimayi wamkulu thupi, wa mawu okweza, amene ankapita ku Dar es Salaam kukapikula zitenje ndi mapoto. Njirayo ankaidziwa ngati khonde la kwawo. Potsika phiri la Chiweta, mabuleki akununkha, anthu ena akupemphera, iwo ankasenda nthochi n'kumatifunsa za bokosi. Atamva kuti muli nyimbo anaseka mpaka misozi. Anati pa maulendo awo onse anaonapo anthu onyamula nkhuku, mabatire, ngakhale maliro, koma nyimbo za m'firiji kanali koyamba.

Pa malire a Songwe tinatsika galimoto n'kuwoloka mlatho wapansi, osintha ndalama atatizinga ngati njuchi. Mayi Nyauhango anawabalalitsa n'kutisankhira mmodzi amene ankamudziwa. Mbali ya kwathu tinadutsa bwino. Kutsidya, wofufuza katundu anatsegula bokosi, monga mwa ntchito yake, n'kunyamula tepi imodzi kuti aione. Nsonga yake inamasuka, tepi n'kuyamba kusomboloka kugwera pa simenti yafumbi. A Dankeni osaganiza anamugwira mkono mwamphamvu, ndi dzanja lawo lija lozolowera zitsulo.

Bamboyo anatseka bokosi, kuliika kuseri kwa tebulo lake, n'kutiuza kuti tikhale pabenchi mpaka abwere akuluakulu ake. Chiswahili changa cha ku Nairobi, chija chogulira masamba ndi kukwerera maminibasi otchedwa matatu, chinkamveka chamwano kwa anthu a ku Tanzania, ndiye ndikamachonderera zinthu zinkangoipiraipira. Tinakhala pabenchipo mpaka mithunzi inatalika. Galimoto yomwe mayi Nyauhango anapezamo malo inapita, iwo anatsala nafe, nati sangasiye anthu akwawo ali m'manja mwa boma. A Dankeni maso anali pa bokosi basi, poti linali pafupi ndi windo lolowetsa dzuwa.

Atabwera mkulu wa pamalopo, mayi wodekha wovala magalasi, anamva mbali zonse, anayang'ana matepiwo, nafunsa ngati muli zandale. Ndinati muli za atsikana ndi mvula. Anamwetulira pang'ono n'kunena kuti a Dankeni apepese, nkhani ithe. Mayi Nyauhango anawaphunzitsa liwu lake pomwepo, ndipo a Dankeni anaimirira, kuvula chipewa, n'kunena "samahani" mobwerezabwereza mpaka wolakwiridwayo anachita manyazi. Tepi yomasuka ija anaikulunga okha ndi chala, pang'onopang'ono, akuuzira fumbi.

Tinakwera mtunda wa ku Tukuyu kudutsa m'minda ya tiyi ndi nthochi, n'kukagona ku Mbeya pa nyumba ya alendo yoyandikana ndi siteji. Kukucha tinali kale m'basi ya ku Dar es Salaam. Ife tinkayenera kukatsikira pa Chalinze, pamphambano pomwe msewu wa ku Arusha umapatukira. Makambako tinadutsa kukuzizira, Iringa tinangomuona tili m'munsi iye ali pamwamba pa phiri lake, kenaka tinatsika mapiri a Kitonga, msewu ukukhotakhota m'mphepete mwa phompho. Titafika pansi, m'chigwa cha milambe yokhayokha, basi inalira kunsi ngati yathyoka fupa, inayenda pang'ono, n'kuima.

Dalaivala ndi anzake analowa kunsiko, natuluka ndi chitsulo china chothyoka. Mmodzi anakwera nacho thiraki yopita ku Iringa. Atafunsidwa kuti abwera nthawi yanji, kondakitala anangoti "sasa hivi", kutanthauza kuti posachedwa. Mayi Nyauhango anatiuza kuti tiyale zitenje, mawu amenewo amatha tsiku.

Kutentha kwa m'chigwa chimenecho sindinakuonepo kwina. Milambe inalibe masamba, mthunzi wake unali wa thunthu lokha, ndipo unkasuntha. Ifenso tinkasuntha nawo, bokosi lili m'manja. Ndinagula madzi kwa amayi ogulitsa anyezi m'mbali mwa msewu, osati akumwa, koma onyowetsera chitenje chofunditsa bokosi. Chikauma ndinkachinyowetsanso. Anthu ankandiyang'ana ngati wamisala, ena n'kumafunsa ngati muli mankhwala a chipatala. Ine mumtima ndinkangoona Mzee Wanjala akumanga makatoni ake.

Panali bambo wina wochokera ku Tunduma amene ananyamula wayilesi ya kaseti yatsopano, ikadali m'katoni. Anthu atatopa ndi macheza, mayi Nyauhango anamunyengerera kuti aitulutse tiyese ngati sanamugulitse yakufa. Mabatire anapezeka pa kagolosale ka pomwepo, koma kaseti panalibe amene anali nayo pafupi. Ndinakumbukira ya m'chikwama changa. Ndinadziwa kuti a Dankeni sakondwa, koma ndinaitulutsa.

Poyamba panamveka mphepo, ndi nyundo ya wokonza njinga chapatali. Kenaka timitengo ta ng'oma tinagogodana kupereka poyambira, gitala imodzi n'kulowa nthawi isanakwane, zonse n'kusokonekera. Anyamata anaphulika kuseka. Pakati pa kusekako panamveka mawu a achimwene anga, omveka bwino ngati aima kuseri kwa mlambe: "Iwe Dankeni, ukuthamangira kuti? Kwanu kwapsa?"

Anayambiranso, ndipo ulendo uno inagwira. Inali nyimbo yoti "Usandidikire pa Siteji", yomwe ndinali ndisanaimvepo. Magitala ankakalipa kuposa a pa timbale, mawu a a Dankeni anasweka pokwera, ena awiri aja n'kuwanyamula. Mayi Nyauhango atamasulira mutu wake m'Chiswahili, anthu odikira basi yakufa aja anaseka, ndipo itatha anati ibwerezedwe. Pobwereza, mayi wina wogulitsa anyezi ankaitsatira ndi mutu, mwini wayilesi akugogoda katoni ndi zala. Ine sindinaseke nawo. Ndinali nditagwira pakamwa.

Nditacheuka, a Dankeni panalibe. Bokosi analisiya, koyamba chichokere ku Bangwe. Ndinalisungitsa mayi Nyauhango n'kuwatsatira. Ndinawapeza atakhala pa mwala kuseri kwa mlambe wina, chipewa chili pabondo.

"Mwandilakwira achemwali," anatero osandiyang'ana.

Ndinavomera kuti sindinawapemphe, koma ndinati anthu aikonda.

"Aikonda kapena akuseka? Anzanga aja sangadziyankhire. Ndatsala ndine ndekha wowayankhira. Ndiye ndilole anthu achilendo azimva pomwe Levi anaphonya, pomwe gitala inamuthawa Sitivi? Ife tinkafuna anthu atione titasamba, titatchena."

Ndinakhala pansi pafupi nawo. Ndinawauza kuti pa kambale kamene ndinapeza ku Nairobi ndinamva ng'oma za achimwene anga, ndipo ndinalira. Koma ng'oma angaimbe wina aliyense waluso. Pa kaseti iyi ndinamva iwowo, momwe ankayankhulira tikamadya, momwe ankaserewulira munthu amene amamukonda. Ana awo awiri, omwe anali aang'ono pa maliro, mawu amenewo sakuwadziwa.

"Amene akuseka kwambiri pa tepipo ndi eni ake," ndinatero. "Ife tikungowathandiza."

Tinakhala choncho mpaka tinamva anthu akuitana kuti chitsulo chafika.

Basi inadzuka dzuwa litapendeka kwambiri. M'nkhalango ya Mikumi tinadutsa kuli chisisira, nyama zomwe anthu amazitama sitinazione, ndipo tinagona ku Morogoro chifukwa mabasi sankaloledwa kuyenda usiku. M'mawa mwake pa Chalinze tinatsanzikana ndi mayi Nyauhango. Anatigulira zinanazi, nandiuza kuti sidi ikatuluka ndidzawasungire yawo, koma ikhale ndi ya pa siteji ija, apo ayi ndisavutike. Sitinaonanenso.

Pa Chalinze m'pomwe ndinada nkhawa zenizeni. Mapazi a a Dankeni anali atatupa moti nsapato anazivula. Atandiululira kuti ali ndi matenda a shuga ndipo mankhwala anawaiwala ku Mzuzu, unamwino wanga unadzuka. Ndinawakalipira ngati mwana, ndinazungulira timafamase ta pamphambanopo mpaka mankhwalawo ndinawapeza, ndinawadyetsa, n'kuwakhazika pakhonde la sitolo miyendo itasanjikidwa pa chikwama. Iwo ankati tipume kaye pomwepo. Ndinawagwiragwira, kuwayang'ana m'maso, n'kuona kuti angathe kupirira. Ndinati tikapumira ku South C, komwe kuli bedi ndi dokotala.

Mabasi a ku Arusha ankachokera ku Dar es Salaam atadzaza kale. Basi inkafika, kuchepetsa liwiro, kondakitala n'kugwedeza dzanja kuti mulibe malo, n'kupitirira. Inadutsa ina, inanso, inanso, dzuwa likukwera. Itatulukira ina yofiira, ndinanyamula bokosi n'kukaima pakhomo pake penipeni isanaimitsitse, n'kuyamba kulankhula Chiswahili changa chamwano chija mosapumira. Ndinati ndili ndi wodwala, ine ndikhala pansi, mpando sindikuufuna. Kaya anamva chisoni kaya anangofuna kuti ndichoke pakhomo, kondakitala anatilowetsa. Sisitere wina wachikatolika anasendera n'kuwapatsa a Dankeni malo, ine ndinakhala pa ndowa yovundikira pakati pa mipando, bokosi lili pamiyendo.

Ulendo wa tsiku limenelo ndimaukumbukira ndi msana. Segera, Korogwe, Mombo pomwe tinadya chipisi chokazingira mazira, minda ya khonje yosatha, Same. Phiri lotchuka lija la ku Moshi ankati lafunda mitambo, koma pomwe ndinakhala sindikanaliona ngakhale likanavundukuka. Chakumadzulo, tikuyandikira Arusha, a Dankeni anawerama n'kundigwira paphewa.

"Ija ya pa siteji ingathe kulowa," anatero. "Koma zomwe tinajambula pa ukwati wa ku Chiradzulu ayi. Tsiku limene lija tinali titamwa."

Ndinati tikamvera limodzi, ndipo ogamula adzakhala iwo.

Ku Arusha tinagona, m'mawa n'kukwera minibasi ya ku Nairobi. Pa Namanga ndinawachenjeza kuti manja akhale m'thumba zivute zitani, koma wofufuza wa pamenepo anangosuzumira m'bokosi n'kutiuza kuti tipite. Kajiado, Athi River ndi fumbi lake la simenti, kenaka mzere wa magalimoto wa pa Mombasa Road, womwe tsiku limenelo ndinaukonda ngati m'bale. Amuna anga anatichingamira, nayang'ana mapazi a mlendo, nayang'ana ine. Madzulo omwewo anabwera ndi dokotala wina wa kutchalitchi kwathu, Mmalawi wokhala ku Rongai.

Kwa Mzee Wanjala tinafika theka la situdiyo lili kale m'makatoni, amisiri akugogoda khoma la chipinda choyandikana. Anatsegula bokosi, kununkhiza tepi imodzi, kuikhudza ndi chala, nati ena amatana chifukwa cha chinyontho cha zaka zambiri, ndipo ayenera kuwambidwa kaye. Anali ndi kabokosi kake kamatabwa koyaka mababu m'kati. A Dankeni atamva kuti matepi omwe tinawathawitsa dzuwa kuchokera ku Bangwe akulowa mu uvuni, anatsala pang'ono kukomoka. Mkuluyo anawafotokozera kudzera mwa ine kuti kutentha kwake n'kochepa ndi koyezedwa, kosiyana ndi kwa padenga la basi. Analola, koma ankalawirira m'mawa kukakhala pampando pafupi ndi kabokosiko mpaka ntchitoyo inatha, ine ndikuwatengera chakudya masana.

Kenaka tinayamba kumvera, tepi ndi tepi. Zotuluka pa timbale zinamveka zoyera moti Mzee anafunsa ngati analidi anyamata a kushedi. Za kushedi a Dankeni ankazimvera atatsinzina, ina n'kuikana ndi mutu, ina n'kuivomera ndi chala. Za ku Chiradzulu anazikana zonse, ndipo nditazimva ndinagwirizana nawo.

Tsiku lomaliza panatsala katepi kakang'ono kopanda cholembedwa chilichonse. A Dankeni anati mwina n'kopanda kanthu. Mzee anakaika pa makina. Munalibe ng'oma. Munali gitala imodzi yokha, yoimbidwa ndi munthu wosaidziwa kwenikweni, ndi mwamuna akuimba yekha motsitsa, nyimbo ya munthu amene akuperekeza mlongo wake wamng'ono kusukulu yogonera komweko n'kumamuuza kuti asalire pamaso pa anzake. Achimwene anga sankaimba ndi pakamwa. Pa zaka zonse za Masipoko ankakhala kumbuyo ndi ng'oma zawo, ndipo pakhomo pathu tinkawaseka kuti mawu awo ndi a chule. Koma anali iwowo. Mlongo wamng'onoyo ndinali ine. Anandiperekezadi, atandisenzera sutikesi pamutu, ndipo ndinalira basi isananyamuke n'komwe.

A Dankeni anatsegula maso. Anati sankadziwa kuti chinthu chimenechi chilipo, Levi ayenera kuti anatsalira yekha kushedi tsiku lina onse atapita.

Chapakati pa nyimboyo mawu anazilala kwa kamphindi, ngati munthu wamira m'madzi, kenaka anabwerera. Mzee anaimitsa makina nati pamenepo tepi yadyeka, sangapabwezeretse, koma angathe kupadula n'kulumikiza mwaluso moti womvera sangadziwe. Anayang'ana a Dankeni, poti ndiwo anali ogamula. Iwo anatembenukira kwa ine n'kundifunsa kuti "siyani choncho" amati chiyani m'Chiswahili. Nditawauza, anayang'ana Mzee n'kunena okha, "Acha hivyo."

Masidi tinapanga ochepa, zikuto zake za fotokope. Ena anatenga Amalawi anzathu pambuyo pa mapemphero, ena a Dankeni anapita nawo kwawo kukapereka kwa akazi amasiye ndi ana a anzawo. Sidiyo sinatchuke, ndipo sindikudziwa ngati pali wayilesi inaiikapo. Yanga ili m'galimoto. Nyimbo ya a Levi ndi yomaliza, ndipo ngakhale ndaimva kosawerengeka, ikafika paja mawu amamira ndimapezeka ndagwira mpweya mpaka achimwene atulukenso.